Mayina Amene Amalume Anatchula

Ntchito yomanga ndinaiphunzira kwa amalume, mlongo wawo wa amayi anga. Kwathu ndi kwa Nsamala. Bambo anga atapita ku migodi ya ku Joni osabwerako, amalume ndiwo anatilera ine ndi achemwali anga. Sanali munthu wolankhula kwambiri. Ukakhotetsa mzere wa njerwa sankakukalipira iyayi. Ankangobwera, n'kukankha khomalo ndi bondo, n'kubwerera kumene anali. Iweyo unkatola njerwazo n'kuyambiranso.

Pamene zimene ndikufuna kusimbazi zinkachitika, nkhondo yaikulu yachiwiri inali itatha, njala ija itadutsanso, ndipo ine ndinali bambo wa ana awiri wokhala ndi gulu langa la amisiri. Amalume anali atasiya kukwera pakhoma chifukwa maso awo anali atachita khungu. Ankaona munthu ngati chithunzithunzi, koma akagwira njerwa n'kuigogoda ndi chala, ankakuuza ngati yapsa bwino kapena ayi.

Kum'mawa kwa dera lathu, pa kaphiri koyang'ana mtsinje wa Shire, panali boma lakale. Maofesi ambiri anali atasamuka, kunangotsala khoti, nyumba ya Bwana Disi, masitolo ochepa a amwenye ndi nsanja. Nsanjayo inamangidwa pokumbukira mfumukazi ya Angelezi imene inamwalira ine ndisanabadwe. Inali ya ngodya zinayi, yotambalala pansi, yowonda pang'onopang'ono pokwera, yaitali kuposa mlambe umene unali kumbuyo kwake. Mawindo ake anali osongoka pamwamba ngati a tchalitchi. Pafupi ndi nsonga panali wotchi ya nkhope zinayi imene inaima kalekale, ndipo mkati munali makwerero a matabwa a mbawa ozungulira mpaka pa belu. Asodzi a pa Shire ankaigwiritsa ntchito ngati chizindikiro chodziwira pokocheza. Anthu a kumapiri a Machinga akamatsikira kuchigwa ankati akaona nsonga yake ndiye kuti afika.

Amalume anamanga nawo nsanjayo ali mnyamata wosakwatira. Anatengedwa pa thangata, poyamba kukaponda dothi, kenaka kuumba, mpaka anapatsidwa mpeni womangira. Nkhani yake ankaisimba mwa apo ndi apo, mawu awiri lero, atatu mwezi wamawa. Ankati khoma loyamba linagwa ndi mvula chifukwa mzungu woyang'anira analimangitsa pa dothi lofewa. Amene anakonza zinthu anali mkulu wina wa Chiyao, Msilamu, amene anaphunzira kumanga kunyanja yamchere. Ndiye anawauza kuti akumbe mpaka apeze thanthwe, n'kuwaphunzitsa kuotcha miyala ya laimu ndi kuivundika m'dzenje la madzi mpaka ifewe ngati phala. Mawindo osongoka aja amalume ndiwo anawapinda, mkuluyo ali pambali kuwalozera.

Anthu awiri anafera pa ntchitoyo. Mitengo yokwerapo inathyoka iwo ali pamwamba. Mmodzi anali wa m'mudzi mwathu, mnzawo wa amalume amene anavinidwa naye limodzi. Winayo anali wochokera ku Chiuta, ndipo abale ake sanamve msanga. Onse anaikidwa pansi pa mlambe uja, manda awiri oyandikana, ozunguliridwa ndi njerwa zoswekasweka. Nthawi iliyonse tikadutsa pa bomapo, amalume ankavula chipewa, n'kuthyola nthambi, n'kusesa pamandapo. Ine ndinkaima chapatali kudikira. Sindinawafunsepo chifukwa chake ndipo sanandiuzepo.

Achemwali anakwatiwa ndi mwamuna wa sukulu. Anali mwana wa mphunzitsi wa mishoni, wolemba bwino, wodziwa Chingerezi, ndipo anapeza ntchito ya ukalaliki pa boma lakalelo. Ndinkamukonda, izi sindingabise. Anali munthu wa nthabwala, wosanyada pakudya, ndipo mwana wanga woyamba atadwala chifuwa ndi iye amene anamukweza panjinga kupita naye kuchipatala. Nyumba yawo ya kumudzi ndinamanga ndi manja anga. Tikakhala pakhonde ankandiphunzitsa mawu a Chingerezi, ine n'kumamuseka kuti sadziwa kugwira khasu.

Tsiku lina mwezi wa Meyi, titangomaliza kukolola, alamuwo anafika panjinga ali thukuta kamukamu. Anatipeza ine ndi amalume tikusoka mphasa pansi pa mango.

"Amalume, ndabwera ndi nkhani yabwino," anatero atapereka moni. "Nsanja yanu ija yang'aluka ku ngodya ya kumtsinje. Boma lalamula kuti isagwe. Aika lamulo loti ndi chinthu chakale chofunika kuchisunga, palibe wololedwa kuchotsapo ngakhale njerwa imodzi. Akufuna amisiri."

"Yang'aluka kuyambira pati?" anafunsa amalume.

"Pansi pa windo lachiwiri."

"Si maziko amenewo. Ndi madzi akulowa pamwamba. Ngalande yatsekeka."

Alamu anaseka n'kuwomba m'manja. "Mwaona? Ndawauza azungu aja kuti kuli munthu wamoyo amene anaimanga. Ndipo si zokhazo. Ntchito ikatha adzakhoma chitsulo cha mkuwa pakhomo, cholembedwa mbiri yake. Ndawauza kuti mayina a omanga alembedwepo. Nditchulireni onse amene mukuwakumbukira."

Anatulutsa pepala ndi pensulo m'thumba la malaya. Poyamba ndinaganiza kuti amalume akana. Kenaka anayamba kutchula. Anayamba ndi mkulu wa Chiyao uja, n'kubwera kwa awiri a pansi pa mlambe, kenaka ena onse, aliyense ndi mudzi wake ndi ntchito imene ankagwira: uyu ankaotcha njerwa, uyu ankacheka matabwa, uyu ankatunga madzi kumtsinje ndi akazi ake awiri. Akaiwala dzina ankagwira pamphumi n'kudikira mpaka libwere. Dzuwa linapendeka iwo akutchulabe. Dzina lawo analitchula pomalizira, alamu atawakumbutsa.

"Nanga manda aja?" anafunsa amalume.

"Adzakhala mkati mwa mpanda. Tidzawamangira bwinobwino. Zimenezo musade nazo nkhawa, zili m'manja mwanga."

Madzulo ake amalume anadya bwino kuposa masiku onse, ndipo anauza amayi kuti awatulutsire jekete lawo lakutchalitchi alione ngati njenjete sizinalidye.

Tinayamba ntchito mu Juni, mphepo ya mwera ikuwomba. Ndinatenga amisiri anga asanu, ndipo amalume tinawakweza pangolo. Tinamanga misasa kumunsi kwa kaphiriko. Tsiku loyamba ndinakwera mpaka pa belu. Zinali monga ananenera: ngalande ya pamwamba inali yodzaza ndi zitosi za mileme ndi nkhunda, kamtengo ka kachere katamera pakati pa njerwa, mizu yake italowa m'khoma ngati zala. Nditatsika n'kuwauza, anangogwedeza mutu.

Boma linatumiza injiniya wachizungu, wachinyamata, wofiira khosi ndi dzuwa, wonyamula mapepala okulunga. Sanali munthu woipa mtima. Ankapereka moni, ankafunsa mafunso. Koma Chinyanja sankachidziwa, ndipo zonse zinkadutsa pakamwa pa alamu. Injiniyayo anabwera ndi matumba a simenti pa lole, n'kunena kuti tigobe dothi lakale pakati pa njerwa ndi kutsekamo simenti.

Amalume atamva, anaimirira pa mpando wawo wa ndalema.

"Muuzeni kuti simenti ayi. Njerwa izi n'zofewa, zinaumbidwa ndi dothi la pachulu. Zimamwa madzi nthawi ya dzinja n'kuwalavula nthawi ya chilimwe, ndipo amatulukira mu laimuyo. Mukatseka ndi simenti madzi asowa potulukira, adya njerwazo. Zaka zochepa nkhope ya khoma idzayoyoka ngati chikhokho."

Alamu anatembenukira kwa mzunguyo n'kulankhula nthawi yaitali. Mzunguyo anamvetsera, nkhope yake n'kuwala. Anagwira alamu paphewa, akunena mawu amene ndinkawadziwa, otanthauza kuti zabwino kwambiri. Analemba m'kabuku kake. Koma amalume, mzunguyo sanawayang'ane n'komwe.

"Wavomera," anatero alamu. "Tigwiritsa laimu."

Ndinasangalala. Sindinaganize china chilichonse.

Miyezi itatu imeneyo ndimaikumbukira ngati nthawi yabwino kwambiri pa ntchito yanga yonse, ndipo n'chifukwa chake zimene zinatsatira zimandiwawabe. Tinakatenga miyala ya laimu kumapiri a kumwera kwa Balaka, tinaiotcha tokha, tinakumba dzenje n'kuivundika. Amalume ankapisa dzanja m'dzenjemo m'mawa uliwonse n'kunena kuti, "Sinafike." Tsiku limene anati yafika, tinavina ngati ana. Njerwa zolowa m'malo mwa zowonongeka tinaumba ndi chikombole chimene iwo anatijambulira pansi ndi ndodo, chifukwa njerwa zakalezo zinali zazitali ndi zopyapyala kusiyana ndi za masiku athu. Tikuchotsa zina pansi pa windo lachiwiri, ndinapeza imodzi yokhala ndi chidindo cha phazi la mbuzi. Ndinatsika nayo n'kuwapatsa. Anaisisita, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Mbuzi ya kapitawo imeneyi. Inkayenda pa njerwa zaziwisi, ife osaloledwa kuimenya. Tsiku lina inasowa."

"Inapita kuti?"

"Bwezera njerwayo pamalo pake, usandifunse zambiri."

Windo limodzi linafunika kulimasula lonse ndi kulipindanso. Ndinalephera kawiri. Kachitatu amalume anaumirira kuti tiwakweze. Tinawamanga chingwe m'chiuno, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, mpaka anafika. Anakhala pa thabwa, miyendo ili lendelende, n'kumagwira njerwa iliyonse ndisanaiike. "Iyi seme pang'ono kuno. Iyi itembenuze." Titaika ya pakati n'kuchotsa chothandizira cha matabwa, windolo linaima lokha. Amalume anayang'ana kumtsinje kumene sankakuona, n'kunena kuti mphepo ya pamenepo sinasinthe.

Masiku onsewo alamu ankabwera masana, ankadya nafe, ankafunsa amalume mafunso ambirimbiri n'kumalemba. Laimu amavundika masiku angati? Mchenga wake wotani? Chifukwa chiyani khoma likuwonda pokwera? Amalume ankayankha mokondwa. Ankati, "Mkamwini ameneyu ali ndi mutu."

Woyamba kunditsegula maso anali mesenjala wina wachikulire amene anakhalapo msilikali ndipo ankamva Chingerezi. Tsiku lina tikusamba m'manja kumtsinje anandiyandikira.

"Achimwene, kodi akulu aja ndi abale anu?"

"Ndi amalume anga."

"Nanga mukudziwa zimene akalaliki amanena akamamasulira?"

Ndinati iyayi.

"Tsiku la simenti lija ndinalipo. Anauza mzungu kuti nkhalambayi ikungodandaula za msana, koma iwowo anawerenga m'buku kuti nyumba zakale zimafuna laimu. Zonse zimene amalemba zija akuzitumiza ku likulu ndi dzina lawo. Ine ndi amene ndimanyamula makalatawo."

Ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti ndi nsanje, kuti anthu a pa boma amadyana okhaokha. Iye anangopukuta manja ku kabudula n'kunena kuti, "Chabwino, ndanena," n'kumapita. Madzulo ndinafuna kuwafunsa alamu, koma nditawaona akuseka ndi amalume, akuwathyolera nzimbe, ndinachita manyazi ndi maganizo anga omwe. Ndinasiya.

Ntchito inatha kumayambiriro kwa Seputembala. Mwambo wotsegulira anauika patapita milungu itatu. Tinabwerera kumudzi, ine n'kupita kukamanga sitolo ya mmwenye wina pafupi ndi siteshoni ya Balaka. Za mpanda ndi kukongoletsa pabwalo anapatsa akaidi.

Tsiku la mwambolo tinadzuka m'mamawa. Amalume anavala jekete lija, amayi atalisita ndi makala, ndi nsapato zimene sanazivale chiyambire ukwati wa achemwali. Anatenganso zidzukulu ziwiri za mnzawo uja wa pansi pa mlambe, amayi aakuluakulu, kuti akamve dzina la agogo awo likuwerengedwa. Pangolo ankaimba nyimbo za kutchalitchi.

Titafika tinapeza nsanja yazunguliridwa ndi mpanda wa waya, wokhala ndi chipata chachitsulo. Mkati munali mipando, mbendera ndi gulu la oimba malipenga. Pachipata panaima wapolisi.

"Makalata oitanidwa?"

"Ife ndi amene tagwira ntchitoyi," ndinatero. "Awa ndi amene anaimanga."

"Opanda kalata aime kunja kwa waya."

"Taitanani akalaliki. Ndi alamu anga."

Wapolisiyo anatuma munthu. Ndinawaona alamu ali pa mzere wachiwiri, atavala suti yatsopano ya khaki yoyera. Munthu uja anawanong'oneza. Anatembenuka, maso athu anakumana. Ndinakweza dzanja. Iwo anayang'ana pansi, anakonza tayi, n'kutembenukiranso kutsogolo. Wotumidwayo anabwera n'kunena kuti akalaliki atanganidwa, tionana nawo mwambo ukatha.

"Kwatani?" anafunsa amalume.

"Akuti malo achepa. Tiyeni tiime apa, tikumva bwinobwino."

Ndinawatsogolera kuzungulira mpandawo kufuna mthunzi wa mlambe. Ndi pamene ndinaona. Pansi pa mtengowo panali posalala. Anali atadzalapo kapinga, n'kuika benchi yopaka utoto wobiriwira, ndi miyala yoyera m'mphepete. Njerwa za pamanda zija anaziunjika kunja kwa waya pamodzi ndi zinyalala za ntchito yathu. Mmodzi wa amayi aja anagwira pakamwa. Winayo anayamba kulira motsitsa.

"Akulira chiyani?" anatero amalume.

Iwo anagwira waya, n'kuutsata ndi dzanja mpaka anafika moyang'anana ndi mlambe. Anasuzumira nthawi yaitali.

"Chobiriwiracho n'chiyani?"

"Ndi mpando, amalume."

"Uli pamwamba pawo?"

"Eya."

Anavula chipewa.

Malipenga analira. Bwana Disi analankhula, injiniya analankhula, ndipo alamu ndiwo ankamasulira mokweza kuti anthu a kunja kwa waya amve. Ndinamva ndi makutu anga akutchula m'Chinyanja mayina a azungu amene analamula kuti nsanja imangidwe, ndi amene anaijambula. Ndinamva akunena kuti inamangidwa ndi anthu a m'dziko muno chifukwa chokonda mfumukazi yawo. Kenaka Bwana Disi ananena zina akuloza alamu, azungu n'kuwomba m'manja. Zimenezo alamu sanamasulire. Mkazi wa Bwana Disi anakoka nsalu, chitsulo cha mkuwa chinang'anima, mwambo unatha.

Anthu atabalalika, ndinapempha mphunzitsi wina amene anali ndi kalata kuti akawerenge chitsulocho adzatiuze. Anabwera akukanda kumutu. Anati pali mayina anayi a azungu, ndipo pansi penipeni, m'zilembo zazing'ono, pali mawu othokoza kalaliki wa pa boma chifukwa chofufuza mamangidwe akale.

"Palibe ena?" anafunsa amalume.

"Palibe, agogo."

"Mwayang'ana bwino? Kumbuyo kwake?"

"N'chokhomedwa kukhoma, agogo."

Alamu sanabwere kudzationa. Tinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu, n'kukwera ngolo. Njira yonse palibe anaimba. Titatsala pang'ono kufika amalume anavula nsapato n'kuzigwira m'manja, n'kunena kuti zikuwapweteka.

Loweruka lotsatira alamu anabwera kumudzi monga mwa masiku onse. Ndinawapeza pakhonde la nyumba imene ndinawamangira, achemwali akusenda chinangwa pambali. Sindinakhale pansi.

"Alamu, pepala lija lili kuti?"

"Khalani pansi kaye, alamu."

"Ndafunsa pepala."

Anapuma mozama. "Ndinalipereka. Bwana anati mayina achuluka, chitsulo n'chaching'ono. Mukudziwa mmene azungu alili."

"Koma lanu linakwana."

"Sindinapemphe ine zimenezo."

"Nanga za laimu? Munawerenga m'buku liti?"

Pamenepo nkhope yawo inasintha. Achemwali anasiya kusenda.

"Inu simudziwa mmene zinthu zimayendera mu ofesi," anatero alamu. "Ndikanati nkhalamba yosaona, yosaphunzira, ikutsutsa injiniya, mukuganiza akanamva? Akanathira simenti, nsanja n'kuwonongeka. Ndinanena m'njira yoti amve. Nsanja yapulumuka. Si zimene amalume ankafuna?"

"Ndi manda aja munanenanso m'njira yoti amve?"

Ndinawafunsanso.

"Munawauza kuti pali manda?"

"Mkazi wa Bwana ankafuna poika mpando. Ndikanati pali manda, pakanakhala mafunso: anafa bwanji, ndani anawapha, bwanji sizinalembedwe. Nthawi zino si zabwino, anthu akukwiya ndi nkhani ya chitaganya. Ndili ndi ana, alamu. Ana a mlongo wanu."

"Ndiye simunanene."

"Sindinanene."

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ananena mawu amenewo mofatsa, ngati munthu amene anaganiza kale zonse n'kupeza kuti alibe mlandu. Ndinkayembekeza kuti akana, kapena alira, kapena andinyoza kuti ndipeze chifukwa chowamenyera. Achemwali anaimirira n'kundigwira mkono.

"Achimwene, chonde. Anthu akumva."

Ndisanayankhe ndinamva ndodo kumbuyo kwanga. Amalume anali atabwera okha, akupapasa njira. Alamu anadzuka msanga kuwapatsa mpando, koma iwo sanaulandire.

"Akamwini," anatero, "sindinabwerere mlandu. Ndibwezereni pepala langa lija. Mayina ena ndinawakumbukira tsiku lomwe lija basi, tsopano athawanso. Ndikufuna mwana wa sukulu azindiwerengera."

Alamu anayang'ana achemwali, anayang'ana ine.

"Linatsala ku ofesi, amalume. Ndikalifufuza."

"Mukalifufuze."

Sanalibweretse. Mesenjala uja anandiuza pambuyo pake kuti pepalalo silinafike n'komwe pa tebulo la Bwana Disi. Analiona m'dengu la zinyalala mlungu womwe tinayamba ntchito. Izi sindinawauze amalume. Loweruka lililonse ankafunsa ngati akamwini abwera nalo, ine n'kumati sanalipeze. Ndinayesa kukhala nawo pansi kuti atchulenso, mwana wanga wamkulu akulemba. Anatchula asanu ndi awiri, n'kuima. Anagwira pamphumi nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndatopa, tidzapitiriza." Sitinapitirize. Anamwalira mvula ya chaka chotsatira ili pakati.

Pamaliro alamu anabwera ndi nsalu yoyera ndi thumba la ufa, ndipo analankhula bwino kwambiri kumanda. Anati malemuwa anali mmisiri wamkulu amene dziko silinamudziwe. Anthu anang'ung'udza movomereza. Ine ndinachoka mawuwo asanathe, ndinakaima kumunda kwa chimanga mpaka anthu atabalalika.

Chisanathe chaka alamu anakwezedwa pantchito n'kusamukira ku Zomba, achemwali ndi ana n'kupita nawo. Kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi, koma ntchito ya boma inasintha zimenezo. Amayi anadandaula mpaka imfa yawo kuti ine ndi amene ndinathamangitsa mwana wawo ndi nkhope yanga yolimba. Mwina ankanena zoona. Achemwali ankalemba makalata, ine ndinkayankha mizere iwiri. Zaka zinadutsa osaponda pakhomo pawo, ndipo ana awo anakula akundidziwa ngati malume wokwiya wa kumudzi.

Alamu atapuma ntchito anabwerera kwa Nsamala, tsitsi litayera, akudwala miyendo. Nyumba yakale ija inali itagwa mbali imodzi chifukwa chosakhalamo anthu. Achemwali anabwera kwathu m'mawa wina, anagwada pakhomo ngati mlendo, n'kundipempha kuti ndiwamangire ina. Anati amisiri ena alipo, koma iwo safuna kugona m'nyumba yomanga munthu wachilendo mchimwene wawo ali moyo. Ndinawauza kuti ndiganize. Mkazi wanga anandiuza kuti palibe choganiza, ndipite.

Ndinamanga. Zipinda zitatu ndi khonde loyang'ana kum'mawa. Alamu ankakhala pampando pansi pa mtengo tsiku lonse akundiyang'ana. Tinkalankhula za mchenga, za mitengo ya denga, za kumene kukhale khomo. Tsiku lina amisiri anga atapita kukadya, anandiitana.

"Alamu, nkhani ija ya kale..."

Ndinadikira, mpeni uli m'manja. Anayang'ana zala zawo.

"Tinali ana," anatero.

"Ine ndinali ndi ana awiri," ndinayankha. "Inu atatu."

Sanapitirize, ndipo ine ndinakwera pakhoma chifukwa dothi linkauma. Nyumbayo tinaimaliza mvula isanagwe, achemwali n'kulowamo Lamulungu lotsatira.